Yankho lolakwika nalo limakhala pa pepala la Química

Amayi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia, andilembera za mwana wawo wamkazi amene ali kalasi 12. Akuti mtsikanayo amawerenga mpaka tambala woyamba, kope lake la Química, sayansi ya makemikolo, lachita kuda m'mbali chifukwa chogwiragwira, koma mayeso a m'kalasi akabwera sapitirira 7 kapena 8 pa 20. Mtima wake uli pa udokotala. Amayiwo akufunsa ngati agulitse mbatatesi yomwe anasungira mbewu kuti amulipirire explicação, maphunziro apadera olipira, kapena angomuuza kuti za sayansi si zake. Atumizanso zithunzi za mapepala awiri amene mwanayo analemba, ndipo ndawapenda funso ndi funso.

Amayi, mbewuyo musagulitse kaye. Mwana wanuyu mutu uli bwino, ndipo mafomula ambiri akuwadziwa. Chikumugwetsa n'chakuti akangowerengera n'kuona nambala yake ili pakati pa A, B, C ndi D, mtima umakhala pansi, amachonga n'kupita kutsogolo. Sadziwa kuti aphunzitsi okonza mafunso a kusankha satola mayankho olakwikawo pamsewu. Amadziwa pamene ana amapunthwa, ndiye amawerengera dala molakwika momwe mwana wothamanga angachitire, nambala yotulukayo n'kuiika pomwepo ngati nyambo. Tsopano ndilankhule ndi mwini wake, inu muzimvera limodzi.

Mwana wanga, tiyambire pa funso limene linandiwawa kwambiri. Anakufunsa pH, muyeso wosonyeza ngati chinthu ndi asidi kapena base, ya NaOH ya 0,01 mol/L. Unatenga −log ya 0,01, unapeza 2, unaona 2 ali pa A, unachonga. Masamu sanalakwike, koma 2 ameneyo ndi pOH, muyeso wa OH⁻, chifukwa NaOH imatulutsa OH⁻ m'madzi. Panatsala phazi limodzi lokha: 14 kuchotsa 2, yankho 12. Ukanaima pang'ono n'kudzifunsa kuti NaOH n'chiyani, ukanakumbuka kuti ndi soda wopangira sopo uja, m'bale wake wa chidulo chimene amayi ako amatcheza ndi phulusa pophika therere. Zinthu za mtundu umenewu ndi base, ndipo pH yake imakhala pamwamba pa 7. pH ya 2 ndi ya zowawasa ngati madzi a mandimu. Sopo sangawawase ngati mandimu, ndipo zimenezi unazidziwa usanalowe n'komwe sukulu. Usamasiye nzeru za kukhitchini pakhomo la chipinda cha mayeso. Ndiwonjezerepo kuti akakupatsa Ca(OH)₂ uzikumbukira kuti iliyonse imatulutsa OH⁻ awiri, choncho ya 0,005 mol/L nayonso pH yake ndi 12.

Pa pepala lomwelo pali funso la magalamu 4 a NaOH osungunulidwa m'madzi kufika 250 mL. Unapeza bwino kuti mole imodzi ndi magalamu 40, ndiye magalamu 4 ndi 0,1 mol. Kenako unagawa ndi 250 n'kupeza 0,0004. Funsolo linkafuna molaridade, kuchuluka kwa ma mole, imene imawerengedwa pa lita, ndipo 250 mL ndi 0,25 L, kotero yankho ndi 0,4 mol/L. Vuto ili limatha ndi chizolowezi chimodzi: nambala iliyonse uziilemba ndi dzina lake, g, mol, L, kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. N'chimodzimodzi ndi kutentha. M'masamu a mipweya madigiri a Celsius amasandulika kaye Kelvin powonjezera 273, ndipo malita 22,4 pa mole imodzi amagwira ntchito pa mpweya wokha, pa 0 °C ndi 1 atm. Ndaonapo ana akuika 22,4 pa madzi a m'botolo.

Pali pena pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene ana athu ambiri amataya mamalikisi ochuluka: kuyamba kuwerengera equação, mzere wosonyeza zolowa ndi zotuluka, isanalinganizidwe. Funso likhoza kulembedwa N₂ + H₂ → NH₃ mopanda manambala kutsogolo, n'kufunsa kuti ma mole 6 a H₂ atulutsa amoniya wochuluka bwanji. Wothamanga amati 6. Wodekha amayamba walemba N₂ + 3H₂ → 2NH₃, n'kuona kuti atatu amabala awiri, ndiye 6 abala 4. Ndipo polinganiza timasintha manambala a kutsogolo okha. Kanambala kakang'ono ka m'munsi n'kosakhudza, chifukwa ukasandutsa H₂O kukhala H₂O₂ wasiya madzi akumwa n'kutenga água oxigenada yotsukira mabala.

Amoniya ameneyu si mlendo kwanu. Ndiye amapangira feteleza wa ureya amene mumathira chimanga. Ukapita kumene mumasunga matumba, uwerenge zolembedwa pa thumba la ureya, upezapo 46% N. Yesa kutulutsa nambalayo wekha. Fomula ya ureya ndi CO(NH₂)₂, mole yake imalemera magalamu 60, ndipo mwa amenewa 28 ndi a nayitirojeni, poti ma N alipo awiri. Gawa 28 ndi 60, upeza pafupifupi 46,7 pa 100. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli nayitirojeni wokwana pafupifupi makilogalamu 23. Ukapeza 23 pa 100 m'malo mwa 46, dziwa kuti waiwala 2 wa kunja kwa mkombero uja, ndipo cholakwa chomwecho ndachiona kawiri m'mapepala ako.

Pa equilíbrio químico, pamene kusintha kopita ndi kobwerera kukuyenda pa liwiro lofanana, vuto lako ndi lina. Malamulo unaloweza, koma ukusakaniza mafunso awiri osiyana: lakuti zinthu zichitika mofulumira bwanji, ndi lakuti pamapeto pake tipeza zochuluka bwanji. Catalisador, chinthu chofulumizitsa kusinthako, imafulumizitsa ulendo wopita ndi wobwerera mofanana. Siisuntha equilíbrio, siisintha Kc, nambala yoyerekeza zotuluka ndi zolowa, siionjezera zotuluka. Kutentha kumafulumizitsanso, komabe pa kupanga amoniya, kumene kumatulutsa kutentha pafupifupi 92 kJ pa equação ija, ukawonjezera moto equilíbrio imabwerera kumanzere ndipo amoniya amachepa. Izi ndi zimene lamulo la Le Chatelier limanena. Iwe unalemba kuti amoniya achuluka chifukwa unakumbuka mawu akuti kutentha kumafulumizitsa. Mawuwo ndi oona, koma anali a funso lina. Polemba Kc usamaikemo zolimba ndi madzi opanda chosakaniza. Pa kuwotcha miyala ya laimu, CaCO₃ ⇌ CaO + CO₂, Kc ndi [CO₂] basi. Ana ambiri amaopa yankho lalifupi chonchi, amathamangira lalitali looneka laulemu.

Za redox ndinena mwachangu: oxidação ndi kutaya ma elekitironi, redução ndi kuwalandira. Agente oxidante ndi amene amalanda ma elekitironi, choncho iye mwini ndi amene amachita redução. Dzinalo limanena zimene akuchitira mnzake. Pa pilha, kapena kuti batire, ya Daniell, mkuwa uli ndi +0,34 V ndipo zinki ili ndi −0,76 V. Kuchotsa nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsa ndi kuwonjezera, motero yankho ndi 1,10 V. Ukapeza 0,42 wataya chizindikiro panjira, ndipo 0,42 udzamupeza akukudikira pa pepala. Oxidação imachitikira ku ânodo nthawi zonse, koma chizindikiro cha ânodo chimasintha: n'chochotsa mu pilha, n'chowonjezera mu electrólise, kugawa zinthu ndi magetsi. Gwira oxidação, chizindikiro chibwera pambuyo.

Tsopano nkhani ya chilankhulo, imene ambiri safuna kuitchula. Ana athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amakula akulankhula Chichewa pakhomo, ndipo ambiri Chipwitikizi amakachipeza kusukulu. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Koma mayeso amabwera m'Chipwitikizi, ndipo timawu tating'ono ndi timene timaluma: não, excepto, incorrecta, em excesso, diminui. Pa mapepala ako awiriwa, mafunso atatu unawaphonya chifukwa ankafuna chiganizo cholakwika ndipo iwe unachonga cholondola choyamba chimene unakumana nacho. Química yake unaidziwa, kamawu kamodzi ndi kamene kanakudutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uziwerenga funso kawiri, udule mzere pansi pa mawu otere, ndipo udzifunse m'Chichewa mumtima kuti kodi akufuna chiyani kwenikweni, usanayang'ane n'komwe mayankho. Ndipotu uziphimba A, B, C ndi D ndi dzanja mpaka utapeza lako. Posamutsira mayankho pa pepala lochongera, ukadumpha funso uzionetsetsa kuti wadumphanso mzere wake, chifukwa kusemphanitsa mzere umodzi kumaononga onse otsatira.

Ndibwerere kwa inu amayi. Mukhoza kuthandiza ngakhale simunaphunzirepo Química. Madzulo mukamatongola chimanga kapena kusenda mbatatesi, mumuuze akufotokozereni m'Chichewa funso limodzi limene walemba tsikulo, kope atalitseka. Mukapanda kumva, funsani kuti chifukwa chiyani, ndipo musatope kufunsa. Pamene adzayambe kuchita chibwibwi n'kuthawira ku mawu a Chipwitikizi oloweza, pamenepo ndi pamene sanamvetse, ndipo ndi pomwe ayenera kukafunsa aphunzitsi ake m'mawa mwake. Komanso mumuletse zochezera usiku wonse. Mutu wosagona ndi umene umaiwala kusandutsa mL kukhala L.

Kawerengedwe kake kasinthe. Kuwerenga kope mobwerezabwereza kumanyenga, chifukwa maso amazolowera tsamba ndipo munthu amayesa wadziwa. Apeze mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo kwa aphunzitsi kapena kwa anzake amene anamaliza, azilemba pepala lathunthu wotchi ili pambali, popanda kusuzumira. Akachonga, asangowerenga kuti wapeza angati. Akhale ndi kakope kena komwe azilembamo funso lililonse lolakwika ndi chimene chinamugwetsa: sanawerenge bwino, anaiwala kulinganiza, anataya chizindikiro, kapena mutuwo saudziwa ndithu. Patapita milungu itatu adzaona kuti ndi zinthu zitatu kapena zinayi zomwezomwezo zimene zikumubweza. Asanyozenso makope a kalasi 11. Masamu a mole, tabela periódica ndi soluções ndiwo maziko a zonse za kalasi 12, ndipo pH kapena Kc sizingatheke kwa munthu amene mole ikumuzunguza.

Za explicação maganizo anga ndi awa. Ngati mphunzitsiyo amaima pabolodi kulemba, ana makumi atatu n'kumakopera, ndalama zanu zingopita, chifukwa makope odzaza mwana wanu ali nawo kale. Yoyenera kulipira ndi ya munthu amene amapatsa mwana choko, n'kumuyang'ana akuwerengera, n'kumuimitsa pamene wapunthwa. Kagulu ka anzake atatu kapena anayi osinthana mapepala kuchongerana kangachite ntchito yomweyo popanda metikali ndi imodzi yomwe. Yambani ndi zimenezi kwa mwezi umodzi. Kakope ka zolakwa kaja kakaonetsa kuti pali mutu umene saumvetsa kwenikweni, mulipire maphunziro a mutu umenewo wokha.

Maloto a udokotala asawataye chifukwa cha 8 wa lero, komabe adziwe kuti kukhoza kalasi 12 ndi khomo loyamba chabe. Kutsogolo kuli exame de admissão, mayeso olowera kuyunivesite, kumene opikisana ndi ambiri ndipo malo ndi ochepa, ndipo ofuna udokotala kawirikawiri amalemba Biologia ndi Química. Universidade Zambeze ili ndi nthambi ya maphunziro a zaumoyo mumzinda wa Tete, ndiponso nthambi ya zaulimi ku Ulongwe konko, pafupi ndi kwanu. Instituto Superior Politécnico de Tete imaphunzitsa za migodi ndi kuyenga miyala, maphunziro oyenera chigawo chokhala ndi malasha a ku Moatize, ndipo Química ndi msana wake. Palinso maphunziro a unamwino, a za mankhwala ndi a ntchito za mu labotale ya chipatala. Edital ya chaka chimenecho, chidziwitso cha kalembera, ikatuluka, muiwerenge nonse awiri bwinobwino, chifukwa maphunziro olemba, masiku ndi ndalama zolembetsera zimalembedwa mmenemo, ndipo alembetse malo oposa amodzi.

Mwana wanga, sabata ino tenga mapepala awiri omwe aja, ulembenso mafunso onse amene unalakwa, mayankho utaphimba. Pambali pa lililonse ulembe m'Chichewa chimene chinakugwetsa poyamba. Ukamaliza, amayi atumizenso zithunzi, ndione funso la NaOH lija lakhala bwanji.