Mayi, musamusiyitse msanga ballet mwanayo

Mayi ena a kwathu kuno omwe akukhala ku Birmingham, ku Britain, anditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 9 amaphunzira ballet, gule wa pa siteji woimirira pa nsonga za zala, koma tsopano akufuna kusiya. M'kalasi monse wakuda ndi iye yekha, ndipo mnzake wina anamuuza kuti guleyu ndi wa azungu. Mayiwa akufunsa ngati kuli bwino angomusamutsira ku magule ena.

Mayi, ine ndikuti dikirani kaye. N'zoona kuti ballet anakulira m'nyumba za mafumu ku Italy ndi ku France, kenako ku Russia. Koma kuchepa kwa anthu akuda m'guleyu sikunachokere m'miyendo mwawo ayi. Ankatsekeredwa pakhomo. Janet Collins ali mtsikana anakayesedwa ku gulu la Ballet Russe de Monte Carlo. Anamuuza kuti amutenga, bola azipaka zoyera nkhope ndi thupi asanakwere pa siteji. Anakana. Mu 1951 anakhala katswiri wovina ku Metropolitan Opera ku New York, ndi khungu lake lomwelo.

Munthu amene ndikufuna mwana wanu amudziwe kwambiri ndi Arthur Mitchell. Anabadwira ku Harlem, dera la anthu akuda ambiri mumzinda wa New York, mu 1934, ndipo mu 1955 analowa gulu la New York City Ballet. Patatha zaka ziwiri, George Balanchine, yemwe ankatsogolera gululo, anakonza gule woti Mitchell avine awiriwiri ndi Diana Adams, mzimayi wachizungu. Kumbukirani kuti iyi inali America ya tsankho, pamene m'madera akumwera mwana wakuda ankalowa sukulu ya azungu moperekezedwa ndi asilikali.

Kutchuka kumeneko kukanatha kumukwanira. Koma mu 1968, Martin Luther King ataphedwa, Mitchell anabwerera ku Harlem n'kuyamba kuphunzitsa ana ballet m'galaja. Ankasiya zitseko zosatseka kuti odutsa mumsewu aziona, ndipo ana ena ankayamba ndi kusuzumira, mawa lake n'kulowa. Anyamata oopa kusekedwa ndi anzawo sankawakakamiza kuvala zothina za ballet tsiku loyamba. Anayamba ndi ana pafupifupi 30, ndipo patangopita miyezi yochepa anali mazanamazana. Mu 1969 iye ndi mphunzitsi wake wakale Karel Shook anakhazikitsa Dance Theatre of Harlem, sukulu ndi gulu la ovina pamodzi. Gululi linayenda m'maiko ambiri, ndipo mu 1992 linakafika ku South Africa tsankho likutha.

Apa m'pamene pagona nkhani. Kwathu mwana amaphunzira chimtali kapena chiterera poonera akuluakulu pabwalo, salipira kanthu ndipo palibe womufunsa kuti wachokera kuti. Ballet si choncho. Amafuna mphunzitsi, chipinda chokhala ndi magalasi, ndalama mwezi ndi mwezi, ndiponso zaka zambiri kuyambira paubwana. Ukatsekera ana akuda sukulu zotere lero, pakatha zaka khumi pa siteji sipaoneka wakuda, ndiye anthu amayamba kunena kuti matupi awo sayenera guleyu. Mitchell sanataye nthawi kukangana nawo pakamwa, anangotsegula sukulu.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Misty Copeland anakwezedwa kukhala wovina wamkulu ku American Ballet Theatre mu 2015, mzimayi wakuda woyamba m'zaka 75 za gululo. Kuchedwa kumeneko n'kochititsa manyazi. Ngakhale nsapato zoimirira pa nsonga za zala zinkapangidwa za pinki basi, ati kuti zifanane ndi khungu, moti ovina akuda ankazipaka zodzoladzola za kumaso peyala iliyonse yatsopano. Ku Britain komwe muliko, kampani ya Freed of London inayamba kupanga zofiirira mu 2018, mogwirizana ndi gulu la ovina akuda ndi ochokera ku Asia la Ballet Black lomwe Cassa Pancho anakhazikitsa ku London mu 2001.

Ndiye nachi chimene ndingachite ndikanakhala inu. Pitani mukacheze ndi aphunzitsi ake, modekha, muwauze zimene mwanayo anauzidwa. Afunseni ngati angalole masokosi aatali ndi nsapato zofanana ndi khungu lake, komanso zimene amafuna pa tsitsi, poti malamulo a kamangidwe ka tsitsi amavutitsa ana athu oluka. Mmene angakuyankhireni mudzadziwa ngati vuto ndi kamwana kamodzi kolongolola kapena sukulu yonse. Likakhala la sukulu, sinthani sukulu, osati gule.

Kenako muonetseni ovina. Pa YouTube pali makanema a Dance Theatre of Harlem, ndipo Ballet Black imayendayenda m'mizinda ya ku Britain, tikiti imodzi singakugwetseni. Akaona zonsezi n'kunenabe kuti watopa, kapena kuti mtima wake uli ku tap (gule woliza nsapato pansi) kapena hip hop, musiyeni apite. Nakonso akapeza mbiri yaitali ya anthu akuda, kuyambira William Henry Lane, wodziwika kuti Master Juba, yemwe anavina ku London mu 1848.