Za pogona ndi boti pa Thames, yankho kwa achimwene afunsa aja

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musananyamuke, paja safunsa anadya phula. Post yanu ndaiwerenga kawiri: mwagula kaboti ka mamita 7 ka thanga ndi kainjini pamodzi ndi alamu anu, kali ku Gillingham pamtsinje wa Medway, mukufuna kukwera Thames mpaka pa Tower Bridge mu Ogasiti, nde mukufunsa poti mungaponye nangula n'kugona panjira kuti ndalama zisathere ku marina, madoko olipira aja oimikapo maboti. Ine madzi amenewa ndayendamo ndi boti longa lanulo kwa zaka ndithu, ndilemba motalikitsa mundipirire, nkhaniyi ndi ya moyo wa anthu.

Choyamba chimene ndikufuna chikhazikike mumtima mwanu n'chakuti malo ogona pamtsinje umenewu sawafuna dzuwa litalowa. Mumasankhiratu muli kunyumba, chart (mapu a pamadzi) ndi tide table (ndandanda ya nthawi zodzadza ndi kuphwa kwa madzi) zili patebulo, ndipo amene amakuuzani nthawi yonyamuka ndi yofika ndi madzi, osati wotchi yanu kapena tsiku lomwe mwapatsidwa off kuntchito.

Ife okulira kunyanja chimene chimatipusitsa n'chimodzi. Kwathu ku Nkhotakota madzi amakwera m'dzinja n'kudzatsika m'chilimwe, pang'onopang'ono chaka chonse, ukasiya bwato pamchenga madzulo mawa ukalipeza pomwepo, choopa chathu ndi mwera basi. Kuno madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, kudzadza kumodzi kufika kwinako pamatenga maola 12 ndi mphindi 25 chapompo, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena wakhanda kusiyana kwake ku Sheerness kumaposa mamita 5, pa London Bridge kumayandikira mamita 7. Ganizirani nyumba yosanja kamodzi, madzi onse amenewo kubwera ndi kuchoka inu muli mtulo. Komanso akamatembenuka boti nalo limatembenuka, limene linaloza kumtunda lidzaloza kunyanja, ndiye nangula amene anagwira bwinobwino akukokedwa mbali iyi akuyenera kugwiranso akukokedwa mbali inayo.

Ine zinandionekera usiku wanga woyamba ku Stangate Creek. Ndinafika madzi ataphwa, kamakina koyezera kuya kanandiuza mamita 3, ndinatulutsa tcheni cha mamita 12 n'kumati zatheka, tinaphika tiyi, kunali zii, kumangomveka mbalame za m'matope zija ndi fungo la matope lokhala ngati la kudambo mvula itangokata. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzidzimuka ndi phokoso la tcheni chikukhukhuluzika pansi, gudugudu ngati ngolo ikudutsa pamiyala, kutuluka panja ndikuona nyali ya boti limene linali kutali madzulo ili pafupi moti nkhope ya mwini wake ndimaiona akundiwalitsa ndi tochi. Madzi anali atakwera kufika mamita 8, tcheni changa cha 12 chija chinangoima chilili, nangula wazuka, tikungoyandama. Miyendo inanjenjemera, ndinali ndi mwana wanga m'kati akugona. Tinaliza injini n'kukaponyanso, koma tulo sitinabwerenso.

Nde masamu ake ndi awa, muwalembe penapake. Tcheni mumawerengera kuya kwa madzi atadzadza, osati kuya kumene mwapeza pofika. Onjezerani kutalika kochokera pamadzi kufika pamphuno pa boti, mwina mita imodzi. Ngati ndi tcheni chokhachokha chulukitsani ka 4, ngati ndi chingwe chokhala ndi katcheni kumapeto ka 6 kapena 7. Pa usiku wanga uja zinayenera kukhala 9 kuchulukitsa ka 4, mamita 36, ine ndinaponya 12. Kenako masamu achiwiri ndi a mbali inayo: madzi akadzaphweratu patsala angati pansi panu? Mukafika atadzadza n'kupeza mamita 6 musasangalale, chotsanipo 5 watsala 1, ndipo ngati boti lanu limamira mita ndi theka ndekuti pakati pausiku mukhala pamatope chopendekeka, mapoto ndi mbale zonse pansi. Simunanene kuti pansi pa boti lanu pali chipsepse (keel) chimodzi kapena ziwiri, la ziwiri limakhala bwino pamatope osalala, la chimodzi limagona cham'mbali. Ndipo musaiwale kuti boti limazungulira nangula wake ngati mbuzi pachikhomo, bwalo lonselo likhale ndi madzi okwanira komanso lopanda boti la mnzanu.

Tsopano malo. Ngakhale zinandichitikira zimene zija, Stangate ndi kumene ndingakutumizeni usiku woyamba, vuto silinali malowo. Ndi kamtsinje kolowera kum'mwera kuchoka mu Medway musanafike Sheerness, kuchoka ku Gillingham ndi ulendo wa maola ochepa, pansi pake ndi matope ogwira nangula bwino, sitima zikuluzikulu sizilowamo, kale ankaimikamo zombo zokayikiridwa kuti zabweretsa matenda. Koma kanatsegukira kumpoto, mphepo ya mpoto ikalimba mumavina usiku wonse makamaka ikamalimbana ndi madzi otuluka, boti limayamba kuyenda chozungulirazungulira tcheni n'kumakhula pansi pake. Zikatero lowani mu Sharfleet Creek yomwe imapatuka momwemo chakumadzulo, ndi mobisika bwino koma muli maenje akuya ndi malo osaya moyandikana, lowani madzi akukwera, maso pa kamakina kaja, kuti mukakhudza pansi madzi omwewo akunyamuleni. Loweruka la chilimwe mumadzadza, fikani dzuwa likadali. Ngati mtima sukukhazikika ndi nangula, Queenborough ili pafupi pomwepo, pali ma buoy a alendo (zoyandama zomangirirapo boti) ndi pokocheza poti mungatsike n'kukagula zinthu, mumalipira koma si ndalama za London.

Kuli Harty Ferry ku Swale, mpata wa madzi wa kuseri kwa chilumba cha Sheppey, kokongola kwambiri, koma madzi amathamanga ndipo mphepo ya kum'mawa ikabwera simugona, komanso ndi kunja kwa njira yanu. Tsidya la Essex kuli kampata ka madzi kotchedwa Ray pafupi ndi Southend ndi Leigh, madzi akaphwa mchenga umakutchingirani muli phee, akadzadza mchenga wamira muli pamtetete, nde ndi malo a nyengo yabata yokha. Holehaven ku Canvey anthu amaimako, ine sindimakukonda kwa munthu woyamba kumene, ndi kopanikiza, maboti omangirira ndi ambiri ndipo ma jeti a sitima ali pakhomo pomwepo.

Mukamatuluka mu Medway muone zinthu ziwiri. Kumanzere ku Isle of Grain kuli doko la gasi, sakulola kuyandikira, lambalalani patali. Kutsogolo kunja kwa Sheerness kuli sitima ya katundu ya ku America ya nthawi ya nkhondo, SS Richard Montgomery, inamira mu 1944 ndipo mpaka lero muli mabomba okwana matani 1,400 chapompo, yazunguliridwa ndi ma buoy achikasu, musalowe m'kati mwake olo pang'ono, ndipo nangula asakuyerekezeni dera limenelo.

Funso lanu lenileni linali la pa Thames penipeni, ndiye ndiyankhe mosabisa: kuchokera ku Gravesend kupita kumtunda ine sindingagone pa nangula, ndipo sindingalole m'bale wanga kutero. Mtsinje umenewu ndi msewu wa ntchito, sugona. Pali sitima za makontena za ku London Gateway ndi Tilbury, ma tug okoka mabaji a zinyalala ndi mchenga usiku ndi usana, Woolwich Ferry ikuwoloka uku ndi uku, kumtunda ma Clipper, maboti onyamula anthu othamanga aja, amene funde lake limakugwetserani ketulo. M'njira ya sitima simuloledwa kuponya nangula, ndipo m'mphepete momwe mukanabisala ndi momwe mumauma madzi akaphwa kapena muli zitsulo, matcheni akale, mapaipi ndi ma cable, nangula akakodwa pamenepo mumusiya konko. Madzi amathamanga moti pena kainjini kanu kangamangolira boti lili malo amodzi, ndipo amabwera ndi zipika ndi matabwa zimene zimamenya boti mumdima. Kumbukirani za Marchioness, pa 20 Ogasiti 1989 boti la chisangalalo linagundidwa usiku ndi sitima yokumba mchenga ya Bowbelle pafupi ndi Southwark Bridge, anthu 51 anamwalira, ndipo limenelo linali boti lalikulu loyaka magetsi. Nanga kanu ka mamita 7 kali ndi kanyali kamodzi pakati pa magetsi onse a m'tauni, akaona ndani?

Chimene anthu amachita n'chakuti amanyamuka ku Stangate kapena Queenborough kuti akafike pakhomo pa Medway madzi ataphweratu, kenako madzi okwera amawanyamula ulendo wonse, ndi mamailosi a panyanja oposa 40 pang'ono kukafika pa Tower Bridge, ndipo ubwino wake ku London madzi amadzadza mochedwerapo ndi ola ndi kanthu kuyerekeza ndi ku Sheerness, ndiye muli ndi maola ngati 7 akukukankhani. Kaboti kanu ngati kamayenda ma knot 4 kapena 5 (mamailosi a panyanja pa ola) zimatheka koma mopanda kuzengereza, mafuta akhale odzadza ndi chigubu china chapadera, sefa ya dizilo ikhale yatsopano. Mukaona kuti simukwanitsa, musalimbane ndi madzi otsika, dulani ulendo pawiri. Ku Gravesend kuli pomangirira alendo, ma club a maboti a ku Erith, a Thurrock ku Grays ndi a Greenwich amakhala ndi ma buoy amene amatha kubwereketsa, koma imbani foni masiku angapo m'mbuyo, musangotulukira n'kumangirira pa buoy ya mwini wake simukudziwa kuti pansi pake pali chiyani. Ku London komweko St Katharine Docks, Limehouse ndi South Dock mumalowa kudzera pa loko, zitseko zotsekera madzi a m'doko, ndipo loko amatsegula nthawi yoyandikira kudzadza kwa madzi basi, mukachedwa mwatsala panja pa mafunde a ma Clipper. Ndikudziwa kuti mitengo yake imawawa, tonse tili ndi kotumiza kumudzi, koma gawanani ndi alamu anuwo usiku umodzi kapena uwiri, ndalama zimene mwapulumutsa ku Stangate zipite pamenepo.

Wailesi ya VHF, yolankhulirana pamadzi, musanyamuke opanda, ndipo pamafunika satifiketi yake, kosi yake ndi ya tsiku limodzi. Mu Medway mverani channel 74, mukalowa Thames London VTS, oyang'anira kayendedwe ka sitima, ali pa 68 mpaka pa Crayfordness, kuchokera apo kupita kumtunda ndi 14. Musanadutse Thames Barrier, zitseko zotchinga madzi osefukira ku Woolwich, muwaitane pa 14 mukafika cha pa Margaret Ness, akuuzani khomo lolowera, mivi yobiriwira ndi polowa, mitanda yofiira ndi potseka, ndipo onani pa webusaiti ya Port of London Authority chifukwa masiku ena amatseka poyesa zitseko. Yendani kudzanja lamanja nthawi zonse, kunja kwa njira ya sitima ngati madzi alipo, ndipo mmodzi azicheuka kumbuyo pafupipafupi, sitima zija zimafika mwakachetechete.

Usiku umene mudzagone ku Stangate, mukaponya nangula bwezani boti m'mbuyo ndi injini pang'onopang'ono mpaka tcheni chilimbe, gwirani tchenicho ndi dzanja, chikamanjenjemera ndekuti akukhukhuluzika, chikangoti nga wagwira. Pezani zinthu ziwiri kumtunda zoima mzere umodzi, mtengo ndi nsanja kapena nyali ziwiri, muzizionanso, zikasiyana mwasuntha. Yatsani nyali yoyera yooneka mbali zonse, masana kwezani mpira wakuda wosonyeza kuti muli pa nangula. Alamu ya nangula ya pafoni ikani, koma tcherani ina yodzutsa pa nthawi imene madzi atembenuke, mudzuke mukhale panja ndi jekete mpaka boti litatembenuka n'kukhazikika, ndi mphindi 20 kapena 30 zokha. Mowa usiku umenewo ayi. Life jacket ivalidwe mukangotuluka panja, olo mukungopita kukataya madzi, madzi akuno ndi ozizira ngakhale mu Ogasiti ndipo akakutengani boti simulipezanso. Matope aja musatsikiremo ndi miyendo, amagwira mpaka m'chiuno madzi akubwera. Ndipo chonde, kukazizira musayatse mbaula kapena kusiya sitovu ikuyaka m'kati mutatseka, utsi wosaoneka uja wa carbon monoxide umapha anthu m'maboti ali mtulo, gulani ka alamu kake n'kotchipa.

Zikavuta musachite manyazi, channel 16 kapena 999 n'kupempha Coastguard, a RNLI ali ndi maboti opulumutsa ku Sheerness, Southend, Gravesend ndi ku London pafupi ndi Waterloo Bridge, ndipo salipiritsa. Kuitana msanga injini itangozima n'kwabwino kusiyana n'kudikira mpaka mwatsamira pa jeti.

Musanapite ku London, tengani weekend imodzi mungopita ku Stangate, mugone, mubwerere ku Gillingham, muone mmene boti lanu limachitira madzi akamatembenuka. Ndipo lembani pansipa kuti limamira mamita angati, tcheni muli nacho chotalika bwanji, nangula ndi wa makilo angati ndi tsiku limene mukuganiza kunyamuka, tiwerengere limodzi pompano kuti ena amene ali ndi maboti aonenso.