Yankho la amalume pa za ulendo wa pa njinga wopita ku Mangochi

Eya, moni nonse pagulu pano. Iwe mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti ukufuna kupalasa kuchoka pa Chitakale ku Mulanje kuno mpaka ku Mangochi, ndiye ukufunsa kuti ukonzekere bwanji. Ndiyankha ndi mawu, kulemba kunditayitsa nthawi.

Njira yabwino ndi ya Phalombe, Jali, kukatulukira ku Zomba. Pamenepo ndi makilomita pafupifupi 100. Kenako M3, kudutsa Domasi, kutsika ku Machinga mpaka Liwonde, ndiye Mangochi. Zonse pamodzi zikupitirira 200. Uwagawe masiku atatu: Zomba, Liwonde, Mangochi. Komatu vuto si tsiku loyamba ayi, mnyamata aliyense wa kabaza angathe limenelo. Vuto ndi kudzuka mawa lake, matako akuwawa, miyendo yauma, n'kukweranso. Ndiye zimene ukonzekere ndi za tsiku lachiwirilo.

Dzipatse masabata 8. Pa sabata uzipalasa katatu. Pakati pa sabata kawiri, ola limodzi basi, monga kupita ku Likhubula n'kubwerera. Loweruka ndiye ulendo wautali: yamba ndi makilomita 30, uziwonjezera 10 sabata iliyonse. Ya Muloza kupita ndi kubwera imakupatsa pafupifupi 60. Ukafika sabata yachisanu, uyambe kutsatiza masiku, Loweruka wautali, Lamulungu ukaweruka ku tchalitchi theka lake. Ndipo uzimanga katundu yemweyo amene udzanyamule, chifukwa njinga yolemedwa imakhota mosiyana, imaimanso mochedwa. Zitunda uziphunzirira za ku Thyolo, m'minda ya tiyi muja. Sabata yomaliza pumula, kungozungulira pang'ono. Mphamvu zimabwera popuma, osati popalasa mpaka usiku woti mawa ukunyamuka.

Liwiro likhale loti ukhoza kucheza ndi mnzako osabanika. Ngati njinga ili ndi magiya, pa chitunda ika giya yopepuka miyendo izizungulira msanga. Kukankha giya yolimba ndi kumene kumapha mawondo.

Tsopano chishalo, apa mvetsera. Khala pa chishalo, ika chidendene pa pedulo ili pansi. Mwendo uwongoke ndithu. Ukaponda ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lizipinda pang'ono chabe. Chikatsika kwambiri bondo limawawa kutsogolo, chikakwera kwambiri chiuno chimagwedezeka ndipo umasupuka pakati pa miyendo. Usagule chishalo chatsopano sabata yonyamuka. Kabudula akhale wopanda msoko wokhuthala pakati, jinzi ayi, ndipo uzimuchapa madzulo aliwonse. Paka Vaseline pakati pa miyendo pasanayambe kutentha, osadikira zilonda.

Njingayo ipite kwa okonza patatsala masabata awiri, kuti ngati alakwitsa china uchione uli pafupi ndi kwanu. Atsegule mahabu, aone mabolo, apake girisi. Tcheni uchikoke pa giya yaikulu ya kutsogolo ija: chikamatukuka mpaka dzino kuoneka, chatha, sintha. Masipoko onse amangidwe mofanana. Amene amaduka kawirikawiri ndi a gudumu la kumbuyo, mbali ya tcheni, chifukwa katundu yense amagwera kumeneko, ndipo limodzi likaduka limu imapindika, ena n'kutsatira. Nyamula masipoko anayi a saizi yako. Marabala a mabuleki akhale atsopano. Potsika ku Machinga usagwire buleki mosalekeza, limu imatentha mpaka chubu kuphulika. Uzigwira n'kusiya, onse awiri.

M'chikwama: machubu awiri, zigamba ndi solushoni, pampu, sipanala za manati a njinga yako, waya wa buleki, kabotolo ka oyilo. Ukaponja, usanaike chubu china yendetsa chala mkati mwa tayala. Minga ikatsalamo uponjanso pompo. Katundu asapitirire makilogalamu 10, ndipo akhale pa kaliyala, osati kumsana.

Madzi, botolo la theka la lita pa ola, kukatentha kuposa apo. Madzi okha sakwanira ukamatuluka thukuta tsiku lonse, miyendo imakokana. Gula mapaketi a Thanzi, kapena sungunula timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Uzidya pang'onopang'ono njala isanakupeze: nthochi, mbatata yophika, mtedza, thobwa. Nsima yambiri usiku, osati masana, ikugonetsa pansi pa mtengo.

Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kungoti chiperoni chikagwa kuno utenge jekete yosalowa madzi. Okutobala usayerekeze, Liwonde kumatentha koopsa. Uzinyamuka kukangoyera, pofika dzuwa la paliwombo ukhale wadula gawo lalikulu, ndipo mdima usakupeze pa msewu. Pa M3 maminibasi ndi malole sapatsa njira, ukamva hutala tsika pa tala. Vala chowala, chipewa cholimba chija ugule ndithu, chiphaso cha unzika chikhale m'thumba chifukwa cha marodibuloko, ndi neti ya udzudzu ya ku Liwonde ndi kunyanja.

Aa, ndi izi: usapite wekha, mayi ako akumva pano. Bwera nayo njingayo Loweruka ndiione magudumu.