Kodi a ECZ angadule malire a dera lathu osatifunsa?

Amayi a ku Kanyama mu Lusaka, mwafunsa ngati anthu wamba muli ndi mawu pomwe a Electoral Commission of Zambia (ECZ), bungwe loyendetsa zisankho, akudula malire a madera a aphungu ndi mawodi, komanso ngati kulipo kokadandaula.

Kulipo. Ndime 58 ya Malamulo oyendetsera dziko, monga adawakonzera mu 2016, imalamula ECZ kuunikanso mayina ndi malire pasanadutse zaka 10. Malire atsopano amasindikizidwa mu Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, koma amayamba kugwira ntchito Nyumba ya Malamulo kapena makhonsolo akathetsedwa. Ndime yomweyo imalola munthu, osati chipani chokha, kupempha Constitutional Court, khoti loona za Malamulo oyendetsera dziko, kuti iunikenso zomwe ECZ yagamula.

Komatu kukhoti sapitako ndi mkwiyo wokha. Oweruza adzafuna muwasonyeze pomwe ECZ yaphonya ndime 59: kuchuluka kwa anthu ndi mmene akuchulukirabe, mbiri ndi umodzi wa anthu a deralo, mayendedwe, kuti dera lisadumphe malire a boma (district), ndiponso kuti chiwerengero cha anthu m'madera chisasiyane kwambiri. Apa ndi pomwe inu muli ndi mfundo yolimba. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 500,000 ku Kanyama, onsewo panthawiyo ali ndi phungu mmodzi. Ndalama zachitukuko cha dera la phungu (CDF), zomwe chaka chomwecho zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, zidali zofanana dera lililonse, kaya la anthu ambiri kaya ochepa. Ndiye malirewa akukhudzanso ngalande ya pakhomo panu ija imasefukira dzinja lililonse.

Langizo langa: musadikire khoti, milandu imadya ndalama. A ECZ akaitana msonkhano wa m'boma, pitani ndi kalata, osangolankhula pakamwa. Tchulani msewu, msika kapena kiliniki yomwe malire akukulekanitsani nayo, anzanu asaine. Mukhale ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Ndaonapo anthu ali ndi dandaulo lomveka koma alibe pepala losonyeza kuti adalankhulapo.

Mapu ndi lipoti muli ndi ufulu wozipempha polemba kalata, potsatira Access to Information Act ya 2023. Akakana, auzeni akupatseni zifukwa zolembedwa, ndipo kalata yokanayo muisunge pamodzi ndi ija ya chidindo pobwera kwa loya.