Siliva wa m'dinari anapita kuti?

Mmodzi wa inu owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti: kodi n'zoona kuti mafumu a ku Roma ankabera anthu pochepetsa siliva m'ndalama zawo? Nanga bwanji anthu ankazilandirabe?

Kuchepetsako n'zoona, koma ine sindingathamangire kunena kuti kunali kuba basi. Asilikali ankafuna malipiro chaka ndi chaka, pomwe siliva wochokera ku migodi ya ku Spain sankawonjezeka malinga ndi zofuna za mfumu.

Dinari, ndalama ija Yesu anafunsa kuti nkhope ili pamenepo ndi ya yani, inayamba cha m'ma 211 BC, nkhondo yolimbana ndi Hannibal, mkulu wa asilikali a ku Carthage, ili mkati. Inkalemera magalamu pafupifupi 4.5, siliva wokhawokha. M'nthawi ya mfumu Augustus, ndalama imodzi yagolide yotchedwa aureus inkasinthidwa ndi madinari 25. Mu 64 AD, chaka chomwe moto unapsereza mzinda wa Roma, mfumu Nero anazipepukitsa zonse ziwiri. Paundi imodzi ya siliva inayamba kutulutsa madinari 96 m'malo mwa 84, ndipo ankathiramonso mkuwa pang'ono.

Obwera pambuyo pake anangotsata njira yomweyo. Pofika nthawi ya Septimius Severus, siliva anali pafupifupi theka. Mwana wake Caracalla mu 215 anatulutsa ndalama ina yomwe akatswiri ambiri amati inkawerengedwa ngati madinari awiri, chikhalirecho kulemera kwake kunali kwa dinari imodzi ndi theka. M'zaka za m'ma 260, mu ulamuliro wa Gallienus, ndalama imeneyi inasanduka mkuwa wopakidwa siliva pamwamba, siliva wake osafika ndi magawo 5 pa 100 alionse.

Mwafunsa chifukwa chake ankazilandira. Msonkho unkaperekedwa ndi ndalama zomwezo, ndiye munthu akanazikana bwanji? Koma musaganize kuti anthuwo anali ogona. Ndalama zakale zabwino ankazikwirira pansi, kapena zinkasungunulidwa, pamsika n'kumayenda zoipazo. Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma, analemba kuti anthu a ku Germania ankakonda madinari akale, aja okhala ndi mano m'mphepete. Chimene chimandisangalatsa ine ndi madinari amene Mark Antony, mkulu wa asilikali wa ku Roma, anapanga polipira asilikali ake nkhondo ya ku Actium ya mu 31 BC isanachitike. Anali ndi siliva wochepa kusiyana ndi anzake, choncho palibe ankawasirira, ndipo anayenda m'manja mwa anthu zaka zoposa 200 mpaka zithunzi zake kufufutika.

Mitengo ya zinthu itakwera mosaneneka, mfumu Diocletian anakhazikitsa lamulo la mitengo mu 301, koma silinapite patali. Chinakhazikika ndi golide. Mfumu Constantine anabweretsa ndalama yagolide yotchedwa solidus, ndalama 72 pa paundi imodzi ya golide, ndipo m'kupita kwa nthawi boma linayamba kufuna misonkho yambiri mu golide. Olemera ndi akuluakulu a boma zinawayendera. Mlimi ndi wogulitsa pamsika anatsala ndi timakobidi tamkuwa tomwe mphamvu yake inkangotsika, pomwe solidus inakhala yosasintha kwenikweni ku Constantinople mpaka zaka za m'ma 1000.