Yankho kwa amalume pa za petulo wa ku Dedza

Amalume, mwaswera bwanji ku Ulongweko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pansi pa galimoto kuno ku Moatize. Mwafunsa ngati petulo amene anyamata akubweretsa m'zigubu kuchokera ku Dedza angaononge mota yanu, njinga yamoto ija, poti akuti muli mowa.

Eee, mowawo ulimodi. Ku Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Koma si kachasu ayi. M'kachasu muli madzi ambiri, pamene uyu amamuchotsa madzi pafupifupi onse.

Mowawu uli ndi okosijeni wakewake, ndiye mafuta amapsa bwino mu injini, mpweya wa poizoni uja wa carbon monoxide umachepa mu utsi. Injini sigogodanso kwambiri mukamakwera chitunda ndi matumba a kachewere. Kungoti mphamvu ya mowawu ndi yochepa, magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo. Akathira lita imodzi pa malita 10 alionse, mafuta amatha msangako pang'ono, ngati 3 pa 100 basi. Ndiye m'mawa wa June kukazizira kwanuko, mota imavutako kulira, muzikoka choki.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine, amalume, ndi madzi. Mowa umakoka chinyezi. Chigubu chikakhala chosatseka bwino, kapena mota ikaima miyezi, madzi ndi mowa zimagwirizana n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe injini imayamwira. Sabata yatha ndinatsegula kabuleta (mosakanizira mafuta ndi mpweya) ya mota imene inaima chikololereni chimanga. Pansi pake panali zoyera ngati phala lowuma, kabowo ka mafuta katatsekeka, paipi ya labala itafewa moti ndinaiboola ndi chikhadabo. Mwini wake ankati injini yafa, chonsecho ndi madzi.

Ndiye musanathire, tsanulirani pang'ono m'botolo lagalasi, mulisiye likhazikike. Mukaona mafuta achita mbuu kapena agawikana pawiri, m'bwezereni mwini wake. Mota ikakhala kuti iima nthawi yaitali, tsekani kampopi ka mafuta, muisiye ilire mpaka izime yokha.

Komanso jenereta ija, chonde, izilirira panja. Utsi kuchepa sikuti poizoni watha, ndipo mpweya umenewu sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Loweruka ndikubwera ndi paipi yatsopano ndi sefa ya mafuta. Muwapatse moni azakhali.