Ana anu onse sanapite ku nyanja, madamu

Imelo yafika kuchokera kwa madamu ena ophunzitsa Chichewa Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera cha ku Tsangano. Akuti akapereka chimangirizo cha "Tsiku lomwe sindidzaiwala", kalasi yonse imalemba zofanana, ulendo wa ku nyanja kapena ngozi ya basi, ena mpaka kukwera ndege, nde akufunsa kuti atani poti JCE ikubwera.

Madamu, anawo nkhani ali nazo zambiri. Vuto ndi loti amaona ngati za kumudzi kwawo si zolemba mu kope. Mwana wakulira pa Tsangano, wakumba kachewere, wadutsapo malire kulowa Mozambique osadziwa n'komwe kuti wadutsa, koma akangogwira bolopeni amakumbuka chimangirizo chomwe mkulu wake analoweza pokonzekera mayeso a MANEB basi n'kukopera chomwecho.

Nde tsiku loyamba asalembe kanthu. Makope atseke, akhale awiriawiri, wina amuuze mnzake pakamwa ngati mmene amachezera pobwerera kunyumba. Womverayo ntchito yake ndi kufunsa basi: unali ndi ndani, unavala chani, ananena kuti chani kwenikweni? Mudzadabwa mwana uja amalemba mizere itatu n'kugona pa desiki akulongosola mpaka manja m'mwamba.

Kenako nkhaniyo aichepetse, apa ndi pamene pagona zonse. Tsiku lonse ndi lalitali, mwana amathera ndime ziwiri pa kudzuka, kusamba, kumwa tiyi, pofika pa nkhani yeniyeni nthawi yatha. Asankhe kanthawi kochepa. Tiyerekeze mtsikana amene Loweruka amagulitsa kachewere pa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1. Basi yaima, iye wathamanga ndi beseni pamutu, mayi wina pa windo walandira kachewereyo ndipo akumasula mfundo ya chitenje kuti atulutse ndalama, mwadzidzidzi dalaivala waliza hutala basi yanyamuka, mwana akuthamanga m'mbali mwake akukuwa kuti mayi ndalama zanga, patapata imodzi yaduka, anzake ogulitsa tomato akuseka. Ndalama ija inaponyedwa kapena ayi? Amayi ake anati chani madzulo ataona beseni lopanda kanthu? Zimenezi zachitika mphindi zitatu zokha koma zidzaza tsamba lonse, ndipo palibe wina m'kalasimo angalembe zomwezo.

Akalemba kuti "ndinachita mantha kwambiri" musalole. Mufunseni kuti thupi linatani, mawondo ananjenjemera, kukamwa kunauma? Akati kunazizira, tonse a Dedza ndi Ntcheu kuzizira kwa mu Juni timakudziwa, atiuze zoti zala zinakanika kumanga batani la yunifolomu. Miyambi nayo asaunjike, ena amaika inayi mu ndime imodzi poganiza kuti malikisi ali pamenepo, umodzi wogwa pamalo pake ukwana.

Za chiyambi, thunthu ndi mathero muwaphunzitse ndithu poti pa mayeso zimafunika, koma zibwere nkhani itapezeka kale.

Pochonga musayambe ndi kufiiritsa pepala lonse. Lembani kaye chiganizo chimodzi chosonyeza kuti mwawerenga nkhani yake, masipelo mukonza ulendo wachiwiri.

Koma ndikuchenjezeni, mukatsegula khomo limeneli ena adzalemba za maliro a mayi awo, za njala, ena za nkhanza zomwe akuchitiridwa pakhomo. Chimangirizo cha mwana musawerenge pamaso pa anzake musanampemphe, ngakhale chikhale chabwino bwanji. Mukapeza zoti mwana akuzunzidwa muitanireni pambali mucheze naye modekha, nkhaniyo ifike kwa a hedi ndi amayi a mother group, ndipo pali nambala yaulere yothandiza ana ya 116 yomwe inu kapena mwanayo mukhoza kuimba.